Diso Lodzaza Khoma

Kristina anali munthu woona zinthu msanga koma wochedwa kuzinena. Nkhuku yodwala ankaidziwa isanagwetse mapiko. Mwana wake Takondwa akafuna kutentha thupi, ankadziwira pa kagwiridwe ka bere. Ndipo pakhomo ponse paja ku Zemba, ndiye anayamba kuona kuti maso a apongozi ake, amayi Elinata, ayamba ulendo.

Kuchipatala cha pa boma anati si ng'ala yoti n'kuchotsa. Ndi mitsempha ya m'kati imene ikuzima yokha pang'onopang'ono, ndipo ikazima sibwerera. Kuyambira pamenepo Kristina anawaphunzira masowo mwakachetechete. Kapu yoyera ikakhala padzuwa, amayi ankaitola okha. Kapu yomweyo ikakhala pamthunzi wa nkhokwe, ankaipitirira n'kumafufuza ndi phazi. Chowala ankachiona. Chotuwa, ngakhale chikule ngati ng'ombe, sankachiona.

Chaka chimenecho mwana wawo woyamba, a Dominiko, mkulu wake wa Osward mwamuna wa Kristina, anadzozedwa unsembe kudziko lakutali kumene gulu lawo la amishoni linawatumiza. Kwawo anauzidwa kuti adzaponda pakatha zaka zitatu. Anatumiza kanema wa mwambo wonse, ndipo Osward anawaonetsa amayi pafoni. Amayi anayandikiza foniyo mpaka kukhudza mphuno.

"Belu ndikulimva," anatero, "koma ndikungoona nyerere zikuyenda pa sopo."

Anabweza foni, n'kukonza mpango. "Ndingomuona kamodzi atavala zoyerazo. Kenako maso awa apite kumene akupita."

Mwayi wake, nthawi yomweyo abambo mfumu analengeza kuti akhristu a parishi ina ya kunja apereka mphatso ya pulojekita ku tchalitchi cha ku Zemba, yophunzitsira ndi kuonetsera mawu a nyimbo. Anati komiti isankhe yokha makina oyenera nyumba yawo pa sitolo ina ku Chipata, zotsalazo aona ndi iwo. Aliyense anadziwa kanema woyamba kuonetsedwa, ndi munthu amene adzakhale patsogolo.

Wapampando wa komiti anali a Yoweli, mlongo wawo wa amayi Elinata, malume ake a Osward, munthu wa mawu aakulu ndi mtima wosabisa. Kristina anali mlembi chifukwa anamaliza giredi 12 ndipo ankalemba zooneka bwino. Pamisonkhano ankakhala kumapeto kwa benchi, mwana pamiyendo, kope pabondo. Anali ndi zaka zitatu zokha chikwatiwire m'mudzimo, ndipo ankaona kuti mawu ake sanamere mizu.

Wa sitolo anatumiza uthenga wofunsa zinthu zitatu: kutalika kwa tchalitchi kuchokera pamene padzakhale makina kukafika kukhoma, kukula kwa chithunzi chimene akufuna, ndi kuchuluka kwa kuwala m'nyumbamo. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi yokonza minda, ndipo ku Zemba ntchito yosakhala ya khasu imagwiridwa mbandakucha, apo ayi siigwiridwa. Choncho anakayeza kum'mawa kutangofiira. Tepi panalibe. A Yoweli anabwera ndi chingwe chawo chobzalira thonje, chokhala ndi zotsekera mabotolo zopanidwa m'malo m'malo. Anachikoka kuchokera pakhomo kukafika kukhoma la kuguwa, Kristina n'kumangapo kansanza kofiira. Anachikoka m'lifupi mwa khoma, n'kumangapo kobiriwira.

"Chithunzi chidzaze khoma lonseli, kuchokera uko kufika uko," anatero a Yoweli atatambasula manja. "Anzathu a tchalitchi cha ku Zingalume adzabwera tsiku la kanemalo. Asakanene kuti ku Zemba anaonera kanema wa m'chikwama."

"Nanga za kuwala ndilembe chiyani, amalume?"

"Simukuona nokha? Ine pano nkhope yanu sindikuiona. Lembani kuti muli mdima."

Kristina analemba kuti muli mdima.

Anapalasa njinga mpaka pa boma, Takondwa kumsana, chingwe m'chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Chipata. Njira yonse ankagwiragwira chikwamacho kuona ngati kope lilimo.

Mwini sitolo anali bambo wocheza dzina lake Trywell, wobwereketsa ndi kugulitsa zokuzira mawu ndi zoonetsera kanema m'maukwati ndi m'misonkhano. Ataona chingwe chija chikutuluka m'chikwama, zotsekera mabotolo zikulira pansi, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mayi, zaka khumi ndili pantchito imeneyi, tepi yotere sindinaionepo. Ndiye tibzala mizere ingati?"

Kristina anachita manyazi, koma a Trywell anagwada n'kuyeza chingwecho bwinobwino ndi tepi yawo. Kofiira kanali pa mamita khumi ndi anayi, kobiriwira pa asanu ndi awiri.

"Chingwe chanu sichinama," anatero. "Ena amabwera ndi pakamwa pokha."

Anamulowetsa m'chipinda chachitali chakumbuyo. Poyamba anamuonetsa kapulojekita kopepuka, konyamula ndi dzanja limodzi. "Aka n'ka mu ofesi, anthu asanu atatseka makatani. Kwanu sikangathandize." Kenako anavundukula ina yakuda, yolemera ngati thumba la mtedza. "Iyi ndiyo ya maholo ndi matchalitchi. Kuwala kwake kuposa tinayi totereti. Ikhoza kuyaka tsiku lonse osatopa."

Apa Kristina sanavutike. Atangoona mmene khoma linayerera, anakumbukira kapu ija padzuwa. "Imeneyi," anatero.

"Mwasankha bwino. Koma makina otere amabwera opanda diso. Lenzi mumasankha nokha, ndipo mphatso yanu ndi ya lenzi imodzi."

Anatulutsa awiri m'mabokosi. Anamanga loyamba, lalitali ngati botolo, n'kuyatsa. Pakhoma panaoneka nkhope ya mayi wina atasenza dengu la tomato, kukula kwa chithunzi ngati zitseko ziwiri zogundizana. Tomato anali wofiira moti munthu n'kufuna kufunsa mtengo. Kenako anamanga lachiwiri, lalifupi ndi lotukuka kutsogolo. Chithunzi chinalumpha n'kudzaza khoma lonse mpaka kudenga.

"Mukaika makina pakhomo la tchalitchi chanu, ili lidzaza khoma, lija lipereka zitseko ziwiri," anatero a Trywell. "Koma mvetsani. Kuwala kuli m'makinamu n'komweko, sikuwonjezereka. Inu ndinu alimi. Thumba limodzi la feteleza pa ekala imodzi, chimanga chimatani?"

"Chimabiriwira."

"Thumba lomwelo pa maekala anayi?"

"Chimachita chikasu."

"Basi, sukulu yatha. Tsopano onani."

Anakatsekula chitseko cha kubwalo. Dzuwa linalowa, ndipo mayi wa tomato uja anasungunuka. Panatsala ngati banga la madzi pakhoma. Anabwezera diso lalitali chitseko chili chotsekula, mayi uja n'kubweranso, wotuwirako pang'ono koma maso ndi mano zonse zilipo.

"M'kope mwanu mwalemba kuti muli mdima. Ngati ndi zoona, tengani lodzaza khomalo, anthu akasangalale. Muli mdima nthawi yanji?"

Pamwamba pa guwa la tchalitchi chawo panali malata awiri a pulasitiki olowetsa kuwala. Anawagula ndi kuwakhoma ndi a Yoweli eniake, kuti owerenga mawu asamavutike, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa. Mbandakucha malatawo sankachita kanthu. Koma Lamulungu lililonse Kristina, atakhala pamphasa kumbali ya azimayi, ankaona chigamba cha dzuwa chikutsika pakhoma la kuguwa, ndipo chikafika pa msomali wa kalendala ankadziwa kuti Takondwa ayamba kufuna bere. Ankachidziwa chigambacho ngati chikhato chake. Ankadziwanso kuti magetsi ndi a jenereta ya abambo mfumu, imene imabwera pagalimoto lawo n'kubwerera nawo misa ikangotha. Kanema adzaonetsedwa dzuwa lili pamutu.

"Ndiyambe ndafunsa akuluakulu," anatero.

Anatuluka pakhonde n'kuimba foni. A Yoweli anali pangolo, mawu awo akudumphadumpha pamodzi ndi mateyala.

"Alembi, zatheka?"

"Makina apezeka abwino, amalume. Koma maso ake alipo awiri. Lina limadzaza khoma, lina limapereka chithunzi chaching'ono koma chowala kwambiri."

"Chaching'ono bwanji?"

"Ngati zitseko ziwiri."

"Kodi tinakutumani kukagula windo? Tengani lodzaza khoma. Alongo anga maso ndi ovuta, afunika chinthu chachikulu."

"Komatu akuti kukawala..."

"Mwalemba nokha kuti muli mdima. Si ndinu munalemba?"

"Ndine."

"Nanga? Fulumirani, minibasi ingakusiyeni ndi mwana."

Mawu anali okonzeka pakamwa pake, ochepa chabe: amayi saona kukula, amaona kuwala, malata anu aja adzapha chithunzi. Koma anaganiza za mmene zidzamvekere, mtengwa wa dzana kuphunzitsa mwini mbumba za maso a mlongo wake, n'kunyozanso denga lake. Anaganiza kuti mwina tsikulo kudzachita mitambo. Anaganiza kuti mwina a Trywell akukokomeza, monga amachitira ogulitsa. Foni inaduka iye akuganizabe.

"Lodzaza khoma," anawauza a Trywell.

Iwo anamuyang'ana kanthawi. "Lanu lichokera ku Lusaka, ndipo likangomangidwa silibwezedwa. Mwatsimikiza, mayi?"

Takondwa anatakataka kumsana. Kristina anamusisita ndi dzanja n'kuyang'ana pansi. "Eya."

Lamulungu lomaliza la Okutobala kunacha kopanda kamtambo ngakhale kamodzi. Azimayi anali atalumikiza nsalu zoyera zinayi n'kuzipachika pakhoma la kuguwa. A ku Zingalume anabwera panjinga ndi pangolo, tchalitchi n'kudzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Amayi Elinata anawakhazika pampando patsogolo penipeni, atavala chitenje chatsopano ndi bulauzi ya chigwirizano cha azimayi. Abambo mfumu ananeneratu kuti ali ndi misa ina kutsidya, ndiye kanema asapitirire ola limodzi.

Jenereta inaikidwa pansi pa mtengo kubwalo kuti phokoso lichepe, ndipo waya wake unangofika pakhomo. Kristina anaima pamenepo pambali pa tebulo, mwana kumsana. Misa itatha anayang'ana kutsogolo. Chigamba cha dzuwa chinali pakati penipeni pa nsalu.

Anadina batani.

Chithunzi chinadzaza khoma, anthu n'kung'ung'udza mokondwa. Kukula kunalipo ndithu. Belu linalira, kwaya ya kudziko lija inayamba nyimbo yachilendo. Achinyamata ankaloza kuti uyo, uyo wachitatuyo. Koma zonse zinali zotuwa ngati malaya ochapidwa zaka zambiri, ndipo a Dominiko ndi anzawo atalowa pamzere atavala zoyera, zoyerazo zinamira mu nsalu yoyera. Pankangoyenda timitu takuda topanda matupi.

Kristina sankayang'ana kanema. Ankayang'ana kumbuyo kwa mutu wa apongozi ake. Mutuwo unapendekera kumanzere, kenako kumanja, kenako unasuzumira kutsogolo. Ndi mmene ankachitira pofuna kapu pamthunzi.

Ankadziwa chochita. A Trywell anali atamunong'oneza potuluka kuti zikavuta, asendeze makina kufupi ndi nsalu, chithunzi chidzachepa n'kuwala. Panafunika amuna awiri onyamula jenereta kupita nayo kuwindo la m'mbali, wina wokwera padenga ndi masaka, azimayi angapo obwereketsa zitenje zotchingira mawindo. Ntchito ya mphindi khumi. Koma panafunikanso kuti iye azimitse makina pamaso pa anthu onsewo, adutse pakati pa mabenchi a azibambo, akaime pamaso pa a Yoweli. A Yoweliwo anali ataima pakati pa kanjira, chifuwa patsogolo, akufotokozera alendo a ku Zingalume kuti khoma limeneli ndi mamita asanu ndi awiri.

Anati nyimbo iyi ikatha ndipita. Nyimbo inatha. Anati akagona pansi odzozedwawo ndipita. Anagona, anadzuka. Bishopu anasanjika manja pamutu pa a Dominiko, anawaveka chovala cha unsembe, iwo n'kutembenuka kuyang'ana anthu, nkhope yawo yokula ngati chitseko cha nkhokwe koma yopyapyala ngati utsi. Azimayi analuluta. Takondwa anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndipo Kristina anatuluka naye panja, mtima ukumuuza kuti wapeza pothawira.

Pobwerera anapeza kanema watha. A Yoweli anafunsa mokweza kuti tchalitchi chonse chimve: "Alongo, mwamuona mwana wanu?"

Amayi Elinata anakonza mpango. "Ndamuona, achimwene. Wakula."

Anthu anaomba m'manja. Jenereta inakwezedwa pagalimoto, fumbi n'kutseka msewu.

Pobwerera kunyumba Kristina anawagwira amayi dzanja monga mwa masiku onse. Sanamufunse kanthu, iyenso sananene kanthu. Anadzilimbitsa mtima kuti abambo akadzabweranso mu Disembala adzakonza zonse.

Mvula inayamba msanga chaka chimenecho ndipo inagwa yosaleka. Kamtsinje ka panjira kanadya msewu. Mu Disembala abambo anabwera panjinga yamoto, buku ndi zikho m'chikwama, jenereta ayi. Mu Febuluwale chimodzimodzi. Pulojekita inakhala m'bokosi lake kunyumba kwa a Yoweli, pamwamba pa matumba, itafundidwa bulangete. M'mawa uliwonse Kristina ankaika kapu yoyera padzuwa pakhonde n'kumayang'ana ali kutali. Isanafike Khirisimasi amayi ankaitola atafufuza kawiri. Chimanga chikumasula ankailambalala. Tsiku lina nthawi ya zitheba anaigunda ndi phazi, tiyi n'kutayika, ndipo anafunsa kuti ndani waika zinthu panjira. Kristina analowa m'nyumba n'kukhala pamphasa nthawi yaitali, mwana akumukoka mpango.

Galimoto linabweranso Pasaka itapita. Tsikulo Kristina sanadikire komiti. Anawapeza abambo akutsika, anagwada, n'kupempha theka la ola misa ikatha. Kenako anapita kwa a Yoweli n'kunena zonse ndi mpweya umodzi: za feteleza, za malata, za kapu.

A Yoweli anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Munadziwa liti zimenezi?"

"Ku Chipata konko, amalume."

"Ndiye pafoni paja?"

A Yoweli anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso. "Inenso pakamwa panga sipapereka mpata," anatero motsitsa. Ndipo anakwera okha padenga ndi masaka, atakana kuti Osward awathandize.

Anthu ambiri anali atapita kukakolola mtedza. Otsalawo anatchinga mawindo ndi zitenje. Jenereta anaiika kuwindo la m'mbali, tebulo n'kulisendeza mpaka masitepe anayi kuchokera pansalu. Kristina anayatsa, anapotoza diso pang'onopang'ono monga a Trywell anamuphunzitsira, ndipo chithunzi chinakhazikika, chaching'ono ngati chitseko chimodzi. Zovala zinayera mbee, ulusi wagolide wa m'mphepete ukuoneka umodzi umodzi. Anathamangitsa kanema kufika pamene a Dominiko akutembenuka, n'kuimitsa pomwepo. Panaoneka ngakhale chipsera cha pachikope chimene anachipeza atagwa pangolo ali mwana.

Amayi Elinata anakhala pampando wawo, nkhope italoza pang'ono kumbali kwa nsalu.

"Mwayatsa kale?" anafunsa.

M'tchalitchi munangomveka jenereta. A Yoweli, amene anali atatsika n'kuima pakhomo, anatembenuka n'kutuluka.

"Tayatsa, amayi," anatero Kristina.

"Ndiuzeni tsono. Wanenepa?"

"Pang'ono, m'masayamu. Ameta tsitsi lonse. Chovala n'choyera, chili ndi mtanda wagolide pachifuwa. Akuseka, koma akuyesa kubisa."

"Mano a m'mwamba aonekera?"

"Aonekera."

"Ndi yemweyo. Ndiimitseni."

Kristina anawatsogolera kunsalu n'kuika dzanja lawo pamene panali tsaya. Mthunzi wa mkono unaphimba theka la nkhope, kuwala n'kugwera pa zala zawo. Anasisita nsaluyo, anapeza msoko umene azimayi analumikiza, anautsata ndi chala mpaka pansi.

"Amayi," anatero Kristina, "tsiku lija mukanamuona. Diso loyenera ndinaliona ku sitolo, ndinalisiya. Ndiponso m'tchalitchi muno ndinadziwa chochita. Ndinaopa."

"Ndinakumvani," anatero amayi osachotsa dzanja. "Pobwerera paja munkapuma ngati mwasenza mtolo. Ndinati mwana uyu ali ndi mawu, anena tikafika pamtengo wa mtondo. Tinapitirira mtondo. Ndinati anena pakhomo."

"Bwanji simunandifunse?"

"Nanga ine bwanji ndinati ndamuona? Achimwene anafunsa pamaso pa alendo. Ndikanati sindinaone kanthu, abambo akanadikira, amuna akananyamula chimakina chawocho. Ndinasunga nkhope ya achimwene." Anapukusa mutu. "Tinali awiri, amake Takondwa. Musasenze nokha."

Kunja abambo analiza hutala kamodzi, mwaulemu. Osward anasuzumira pawindo kufunsa ngati azimitse.

"Ayembekeze pang'ono," anatero amayi. "Chipsera chili pati?"

Kristina anagwira chala chawo n'kuchikweza pang'ono, kumanzere, pamwamba pa diso.